Amene Akudwazika Makolo, Akumuzonda Ndani?



Pa nkhani ya maliro, ife Amalawi palibe angatiphunzitse. Uthenga ukangomveka kuti mayi ake a uje atisiya, dzuwa lisanalowe gulu la pa WhatsApp latsegulidwa kale, msungichuma wapezeka, nambala za Airtel Money ndi Mpamba zaikidwa, mndandanda wa osonkha ukunka nutalika. Wina wapereka lole, wina matumba a ufa, amayi a Mvano afika ndi nyimbo, adzukulu ali kumanda ndi makasu. Anthu amene tinasiyana nawo chimalizireni Fomu 4 amatulukira. Zimenezi n'zabwino ndipo zisathe. Koma mayi aja anagona pamphasa zaka ziwiri asanatsikire kuli chete. Zaka ziwiri zonsezo, mwana wawo amene ankawatembenuza usiku, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala, ankamuzonda ndani?

Lero ndikulankhula ndi anthu a msinkhu wapakati, inu a zaka 40, 50 kapena kupitirirako pang'ono, amene imvi zayamba kusuzumira koma kwanu mukadali mwana.

Mbadwo umenewu uli ndi mbiri yakeyake. Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo zaka za m'ma 1990 inasesa achimwene ndi achemwali athu, anthu amene lero akanakhala mizati ya mabanja. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, koma ambiri anali atapita kale. Agogo ndiwo anatola ana amasiye n'kuwalera ndi khasu. Cha m'ma 2000, zaka zimene Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo sizinkafika 50. Lero zapitirira 60. Ndi nkhani yokoma. Koma tanthauzo lake lina ndi loti agogo aja, amene anakwirira ana awo n'kulera zidzukulu, tsopano akalamba nawo, ndipo akudwala matenda osapha msanga: BP, shuga, sitiroko, nyamakazi, maso akhungu. M'banja limene munabadwa ana asanu ndi atatu mwina mwatsala atatu. Mmodzi ali ku Joni, mapepala ake osalongosoka, akabwera sangabwererenso. Wina ali kumudzi, alibe kanthu. Wachitatu ndinu, amene muli ndi kantchito m'tauni, ndipo foni yanu ndi imene imalira.

Makolo ambiriwa alibe penshoni. Lamulo lokakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni linabwera mu 2011, ndipo mlimi wa chimanga ndi mtedza silimukhudza n'komwe. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ochepa ovutikitsitsa. Otsalawo penshoni yawo ndi mwana. Mwana yemweyo akulipira fizi ya wina ku sekondale, ya wina ku koleji, lendi ikumudikira, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati.

Komabe ndalama si katundu wolemera kwambiri pa nkhaniyi. Wolemera ndi ugadiyani.

Amene simunagonepo m'chipatala cha boma ngati gadiyani, mverani. Ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu ngakhale pachipatala cha boma lanu, anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, choncho ntchito yambiri yosamalira thupi la wodwala ili m'manja mwa wachibale. Gadiyani ndiye amasambitsa, amadyetsa, amachapa zofunda, amanyamula beseni kupita nalo kuchimbudzi. Ndiye amathamangira kukaitana namwino diripi ikatha, amakankha njinga ya odwala kupita kukajambulitsa, amapita kufamase ya kunja kukagula mankhwala amene adokotala alemba. Amaphika kukhitchini ya magadiyani, utsi uli m'maso, nkhuni zogula. Usiku amayala chitenje pasimenti. Ndipo wodwala sitiroko akatulutsidwa, ntchito imangosamukira kunyumba: kumutembenuza pakapita maola angapo kuti asatuluke zilonda zapamsana, kumuwongola manja ndi miyendo monga anaphunzitsira a mafizo, kugula matewera a akuluakulu amene mtengo wake ukhoza kukuliritsa. Lamulo la ntchito limapatsa munthu wogwira masiku asanu pasabata tchuthi cha masiku 15 pachaka. Sitiroko siwerenga masiku amenewo. Tchuthi chikatha, munthu amayamba moyo wogona m'wodi n'kudzukira ku ofesi, kusamba kumaso pampopi wa kuntchito, kusinza pamsonkhano bwana akuyang'ana.

Palinso mwambo wathu. Mwana wamwamuna sasambitsa mayi ake, wamkazi saona thupi la bambo ake. Nanga ngati mwana amene watsala ndi wamkazi ndipo wodwala ndi bambo?  Ndamvapo za amuna amene anavula jekete n'kusambitsa bambo a mnzawo wa kuntchito kapena wa kutchalitchi, popanda ubale uliwonse wamagazi, chifukwa panalibe wina. Anthu otere sawerengedwa pa mwambo uliwonse, satchulidwa ndi wamkulu wa mpingo. Kwa ine ndiwo abwenzi amene akuyenera kukambidwa pa wailesi.

Mwina wina akuti, kodi abale ali kuti? Paja chibale ndi fupa, sichiola. Zoona, sichiola, koma chimabaya. Matenda a kholo amafukula nkhani zonse zimene banja linakwirira. "Inu ndi amene anakugulitsirani ng'ombe kuti muphunzire, ndiye samalani." "Munawatengera m'tauni kuti mudzatenge munda." "Ndalama zimene ndinatumiza mwezi watha zapita kuti?" Wa ku Joni amatumiza ma randi n'kumalamula pafoni ngati dokotala, wa kumudzi amabwera kudzazonda ndi ana atatu n'kukhala milungu iwiri, onse odya. Malume, eni mbumba, amafuna kuti wodwala abwerere kumudzi akaonedwe ndi asing'anga. Kunyumba nakonso sikuli phee. Mkazi amene akutsuka apongozi ake tsiku ndi tsiku pamene ana awo aakazi akungoimba foni, ali ndi mawu amene akuwameza. Mwamuna amene chipinda cha ana ake chasanduka wodi, nayenso ali nawo.

Pakati pa anthu onsewa, pali chiganizo chimodzi chimene wodwazika matenda sangachitchule: ndatopa. Akauza mlongo wake, mawa zimveka kumudzi kuti akufuna mayi afe. Akauza mkazi wake, wapereka chida cha mkangano wa mawa. Akauza abusa, alandira vesi. Munthu yekhayo amene angamve mawu amenewa n'kuwasiya pomwepo ndi mnzake, chifukwa mnzake alibe gawo pamunda wa banjalo, sanalipiridwe fizi ndi ng'ombe imeneyo, ndipo sadzakhala nawo pogawa chuma cha masiye. "Asisi, dzulo ndinawakalipira mayi. Anataya phala dala, ine n'kuwakalipira ngati mwana. Usiku wonse sindinagone." Mnzake wanzeru sayankha ndi ulaliki. Amati, "Mawa Loweruka ndibwera ndidzakhale nawo. Inu mukagone kwathu, kiyi ndisiya kwa aneba."

Taonani kusiyana kwa mawu amenewo ndi aja timakonda kunena: "Mukafuna chilichonse mundiuze." Munthu wotopa sakuuzani. Alibe mphamvu yoganiza chimene mungachite, ndipo manyazi a Chimalawi samulola kupempha kawiri. Thandizo lenileni limabwera litatchula kale tsiku ndi ntchito. Ndidzatenga ana anu kusukulu sabata ino. Nkhomaliro ya Lachitatu kuchipatala ndi yanga. Galimoto ndili nayo, tsiku la kiliniki ya shuga mundiwerengere. Wina luso lake ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda, kuti ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, malo amene amathandiza odwala matenda okhalitsa kuchepetsa ululu ndi kulangiza owasamalira. Mabanja ambiri amamva za chithandizo chotere mochedwa, wodwala atabuula miyezi.

Ubwenzi wotere si wachilendo kwathu kuno. Amayi a kummwera amadziwa chinjira, ubwenzi wochita kupangana pakati pa akazi awiri opanda ubale, wodziwika kwa amuna awo ndi mabanja awo, wopatsana ufa, sopo, nsalu ndi chinsinsi. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, amene anafufuza za mabanja a kummwera kwa dziko lino, analembapo za chinjira, kusonyeza kuti amayi ankachifuna chifukwa pali mavuto ena amene mbumba payokha singawathe. Agogo athu anaona kale kuti munthu amafunika wina wa kunja kwa mpanda. Lero chinjira chavala zovala zina: gulu la amene munaphunzira limodzi, anzanu a kwaya, a mphakati, a Dorika, amayi a dawa, a banki mkhonde. Maina asintha, njala yake ndi yomweyo.

Pali matenda ena amene bwenzi likhoza kupulumutsa nawo moyo weniweni. Gogo wayamba kuiwala. Akufunsa za mwamuna wake amene anamwalira kalekale, akuitana mdzukulu ndi dzina la malemu, akuti wina wamubera ndalama pamene wazibisa yekha m'nkhokwe. Tsiku lina atuluka usiku n'kupezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake, ali chivulire, osadziwa kumene ali. Madokotala amati dementia, matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena m'maiko onse. Koma mudzi umati chiyani? Umati ndege yamugwetsa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atamenyedwa ndi mphenzi, ndipo chichokereni pamenepo nkhani zotere sizinaleke kumveka. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, limene mabungwe ngati MANEPO analimenyera nkhondo nthawi yaitali. Koma gulu la anthu olusa likamasonkhana silifunsa za malamulo. Mwana wa gogoyo akanena kuti ndi matenda, amati akubisa ufiti wa kwawo. Chimafunika ndi munthu wina wa m'dera lomwelo, wopanda ubale, woti aime n'kunena kuti, "Agogowa ndikuwadziwa, ndinawaperekeza ndekha kuchipatala, akudwala." Ngakhale mwana mwiniyo nthawi zina amayamba kukayika, makamaka pamene mayi amene anamubereka akumutukwana ndi mawu amene sanawatchulepo moyo wawo wonse. Mnzake ndiye amamukumbutsa kuti akulankhulawo ndi matenda.

Tsopano abambo, ndiloleni ndikugwireni pamkono pang'ono. Amayi pa nkhani iyi anatitsogolera. Akakumana pa mjigo, pa saluni kapena pa maphunziro a kwaya, mphindi zochepa akhala atauzana zakukhosi. Ife timatha kukhala pabawo kapena pabala ndi munthu zaka khumi, kudziwa maganizo ake onse pa Bullets ndi Wanderers, kudziwa chipani chimene amavotera, osadziwa kuti bambo ake ali ndi chaka asakudzuka. "Zikuyenda, amwene?" "Pang'onopang'ono." Nkhani yathera pomwepo. Tinaleredwa ndi mawu oti mwamuna salira, ndipo malipoti apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri ndi amuna, ngongole ndi mavuto a m'banja zikutchulidwa kawirikawiri. Sindikunena kuti tiyambe kukumbatirana pabawo. Amuna ali ndi njira yawo. Mwamuna amalankhula bwino maso ali kutsogolo, manja ali pa ntchito: m'galimoto popita ku Ntcheu kukaona odwala, pokonza denga, poyenda kuchokera ku mpira. Mukaona mnzanu wasowa masabata atatu, kapena wayamba kumwa mopitirira muyeso wake, kapena wasanduka waukali pa nkhani zopanda pake, musadikire kuti adzanene. Muuzeni kuti ulendo wa kumudzi wa mwezi uno mupitira limodzi, mafuta mugawana. Mukamadutsa pa Zalewa adzakhala atayamba yekha. Ndipo mukamva kuti mawu ake afika poti moyo watha ntchito, musaseke. Ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ku Zomba Mental, ngakhale pa zipatala za m'maboma, kuli anthu ophunzira za maganizo. Mumuperekeze.

Nkhani ya ndalama sindingailumphe, chifukwa ndi imene yapha maubwenzi ambiri kuposa miseche. Matenda a kholo ali ngati denga lodontha m'dzinja, ukatchera beseni apa, kwayamba uko. Munthu amayamba ndi chipereganyu cha kuntchito, kenako ngongole ya banki mkhonde, kenako salale adivansi, mapeto ake katapila. Asanafike kwa wakatapila amadzera kwa inu. Maganizo anga ndi awa, ndipo ena mutsutsa: mnzanu amene akudwazika kholo musamukongoze ndalama imene mukudziwa kuti mudzaifuna mwezi wamawa. Sadzabweza pa nthawi yake, osati chifukwa ndi wakuba, koma chifukwa matendawo sadzakhala atatha. Akalephera adzayamba kukuzembani, foni yanu osayankha, ndipo pa nthawi imene akufunitsitsa munthu wocheza naye adzakhala atataya ndalama ndi bwenzi lomwe. Ngati wapempha 100,000 kwacha ndipo inu mungathe kutaya 20,000 osadandaula, mupatseni 20,000 imeneyo n'kumuuza poyera kuti si ngongole. Paja kupatsa n'kuika.

Magulu a pa WhatsApp nawo aganizirepo. Mndandanda uja wa maina ndi ndalama pambali pake umalimbikitsa ena, inde, koma umathamangitsa mnzathu amene ntchito inamuthera. Iye amaona anzake akulemba ma 50,000, iye ali ndi 2,000, ndiye amangokhala chete, kenako n'kutuluka m'gulu. Chikhalirecho mwina ndi iyeyo amene ali ndi chinthu chimene olemerawo alibe: nthawi. Akhoza kukhala pamzere wa kuchipatala m'mawa wonse. Pa msinkhu uno anzathu a kalasi imodzi tasiyana kutali, wina ndi bwana wa kampani, wina akuyendetsa kabaza, ndipo gulu limene limayeza ubwenzi ndi ndalama zokha limatsala ndi mabwana okhaokha, onse otanganidwa.

Palinso abwenzi amene amalemetsa mtolo ali ndi mtima wabwino. Awa ndi aja obwera ndi mankhwala. Wina wabweretsa botolo la zitsamba zochiza matenda 40, wina nambala ya mneneri, wina uthenga wa pa Facebook woti adyo ndi mandimu zimachotsa shuga. Pemphero ndi labwino, ndipo odwala ambiri limawalimbitsa mtima. Koma aliyense wouza nkhalamba ya BP kuti isiye mapilitsi chifukwa yachiritsidwa, akuitana sitiroko yachiwiri, ndipo sadzakhalapo posintha matewera. Enanso ndi aja ozonda mwa chionetsero, ofika asanu ndi awiri nthawi imodzi, kukhala pabalaza mpaka mwininyumba awaphikire, kujambula wodwala ali wosavala bwino n'kuika pa sitetasi. Ndipo woipitsitsa ndi amene wamva "ndatopa" uja n'kupita naye kwina. Chinsinsi cha wodwazika chikangotuluka kamodzi, sadzatsegulanso pakamwa kwa wina aliyense.

Musaganize kuti mnzanuyo akufuna kumangokamba za matenda. Nthawi zina chimene akulakalaka ndi ola limodzi loti asakhale mwana wa wodwala. Muuzeni miseche ya kuntchito, za aphunzitsi aja ankatikwapula chifukwa cholankhula Chichewa m'kalasi, za mwana wanu amene wakhoza mayeso, za mbuzi imene yadya mbewu kudimba. Ena timabisa nkhani zathu zabwino poopa kuti zimupweteka, n'kubisanso mavuto athu poganiza kuti ndi aang'ono. Potero timamuchotsa m'gulu la anthu wamba. Mulekeni nayenso akulangizeni pa za mwana wanu wovuta, akusekeni pa za mimba imene yayamba kutsogola. Munthu amene wakhala akulandira chisoni chokhachokha kwa chaka chathunthu amasangalala kupeza woti amufunse nzeru.

Chotsiriza chikukhudza thupi la wodwazikayo. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. Ganizirani munthu wa zaka 48 amene sakugona, akudya mandasi ndi zakumwa zotsekemera pa geti ya chipatala, mutu uli pa ngongole, ndipo matenda omwewo ali m'magazi a kwawo. Amadziwa manambala a BP ya mayi ake a mwezi wonse, koma yake sanayezetsepo. Mukamuuza kuti akayezetse adzati alibe nthawi, ndipo sakunama. Ndiye tsiku limene mwaperekeza gogo ku kiliniki, namwino akamaliza, pindani malaya anu inuyo poyamba, mupemphe kuti akuyezeni, kenako muloze mnzanuyo kuti ndi wotsatira. Kuyezako sikutenga mphindi zisanu, ndipo m'chipatala cha boma simulipira kanthu.